Kalata ya zala za mng'ono wanga



Lachisanu lina mwezi wathawu, titatuluka mu Jumu'ah, bambo wina anandikokera pambali pafupi ndi pamene timasiya nsapato. Andilola kuti ndiitchule nkhaniyi bola ndisatchule dzina. Mwana wawo wamwamuna ali kunja, mlongo wake akukwatiwa, tsiku la nikah lakonzedwa kale, koma mnyamatayo akuti sabwera chifukwa akudikira kalata. "Aphunzitsi, munamuphunzitsa ndinu. Mumuimbire, mumudzudzule. Kalata yanji yoposa mlongo wake?" Anayankhula mawuwa akunjenjemera milomo. Ine ndinangoti chete kwa kanthawi, chifukwa mawu amenewo ndinkawadziwa. Ndinawayankhulapo ine ndemwe, kwa mng'ono wanga, ndipo anga anali owawa kuposa awo.

Ena a inu mukukumbuka kuti kumapeto kwa Okutobala 2022 ndinasowa pasukulu pano masabata awiri. Ndinauza ahedi kuti amayi adwala, ndipo sindinaname. Koma nkhaniyo inali ndi mbali ina imene sindinaifotokozepo.

Mng'ono wangayu ndi chitsiriza m'banja mwathu. Ndinamusiya zaka zisanu ndi zinayi, ndipo bambo atamwalira ndine amene ndinkamulipirira fizi. Mu Okutobala 2018 analowa m'kanyumba ka intaneti ku Liwonde n'kulembetsa mayere amene boma la America linkachita chaka ndi chaka, opereka ma viza osapitirira 55,000 kwa anthu a m'mayiko amene nzika zake sizinachuluke kumeneko. Mu Meyi 2019 anapeza kuti dzina lake latuluka. Anakayezetsa magazi, anakafunsidwa mafunso ku ofesi ya kazembe ku Lilongwe, anadinda zala, ndipo mu Januwale 2020 tinamuperekeza pa bwalo la ndege la Kamuzu. Anakafikira ku South Bend, m'chigawo cha Indiana, kumene kuli Amalawi ambiri ndithu. Patangotha miyezi iwiri kunagwa Covid. Ntchito imene inapezeka inali yosamalira okalamba usiku, ndipo masana ankaphunzira kukonza mafiriji ndi makina oziziritsa m'nyumba.

Chimene anapatsidwa kumeneko chimatchedwa green card. Atatitumizira chithunzi chake pa WhatsApp ndinaona kuti palembedwa zaka khumi, ndipo ndinaganiza kuti ndi chinthu ngati chiphaso chathu cha unzika: ukachilandira wachilandira, umangochiika m'chikwama n'kumayenda kumene ukufuna. Apa ndi pamene ndinayambira kulakwitsa. Zaka khumizo ndi moyo wa kapulasitikiko chabe. Chilolezo chenichenicho ndi choti munthu azikhala ku America, ndipo chimakhalapo pokhapokha ngati munthuyo akukhaladi kumeneko. Akachoka n'kukakhazikika kwina, boma likhoza kunena kuti wachitaya yekha, ngakhale khadiyo ikadali yatsopano m'thumba.

Mu Ogasiti 2022 anapeza ntchito ya zaka ziwiri ku Dubai, yoyang'anira anyamata okonza makina oziziritsa m'mahotela, yoyamba pakati pa Novembala. Malipiro anali abwino kuposa a usiku aja. Koma chimene chinamukoka kwambiri ndi kufupika. Kuchokera ku Indiana kufika kwathu ndi ulendo wa masiku awiri, ndipo nthawi yawo imatsalira ndi maola asanu ndi limodzi kapena asanu ndi awiri, moti akamaimba foni ataweruka amayi amakhala ali m'tulo kapena ali kumunda. Dubai ili patsogolo pathu ndi maola awiri okha, ndipo munthu akanyamuka lero amagona kwawo mawa. Tonse tinakondwa. Ine sindinafunse n'komwe kuti nanga za ku America zikhala bwanji.

Iye anali atafunsa. Lamulo lake lili chonchi. Munthu wa green card akakhala kunja osakwana chaka, khadi lomwelo limamulowetsanso, ngakhale kuti akapitirira miyezi isanu ndi umodzi amayamba kufunsidwa mafunso ambiri pachipata. Akakwanitsa chaka ali kunja, khadilo silimulowetsanso. Chimene chimatsala ndi kukapempha viza yapadera ku ofesi ya kazembe, ndipo kumeneko uyenera kutsimikizira kuti chimene chinakuchedwetsa sichinali m'manja mwako. Ntchito imene unasaina wekha siingakhale chifukwa chotero. Choncho amene akudziwa kuti akakhalitsa amapempheratu kabuku kooneka ngati pasipoti, kamene amakatcha re-entry permit. Kamagwira ntchito mpaka zaka ziwiri, ndipo kamasonyeza kuti munthuyo wachoka akudziwa kuti adzabwerera.

Kabukuka kamapemphedwa pa fomu yotchedwa I-131, ku nthambi ya boma yotchedwa USCIS. Nthawi imeneyo mtengo wake unali madola 575, kuphatikizapo madola 85 a zala, onse pamodzi 660. Mu Epulo 2024 anausintha n'kukhala 630. Pali mfundo ziwiri zimene sizipindika. Yoyamba, tsiku limene fomu ikulandiridwa mwini wake akhale ali pa nthaka ya America. Yachiwiri, akatumiza fomuyo amadikira kalata yomuitana kuti akadinde zala ndi kujambulidwa, pa tsiku ndi ola limene iwo asankha, ku ofesi ya m'dziko momwemo. Akadinda akhoza kunyamuka, ndipo kabukuko kakatuluka akhoza kukakatengera ku ofesi ya kazembe wa America m'dziko limene ali. Koma akapanda kuoneka pa tsikulo, osapempheratu kuti alisinthe, pempho lonse likhoza kutengedwa ngati walisiya. Ndalama zija sizibwezedwa. N'chifukwa chake amalangiza kuti fomu izitumizidwa kukadali masiku osachepera 60 ulendo usanafike.

Mng'ono wanga anatumiza yake chakumapeto kwa Sepitembala, mwezi wathunthu atalandira ntchito. Chifukwa chake ndinachidziwa mochedwa kwambiri, ndipo sanandiuze iye, anandiuza mkazi wanga. Madola amene anasungira fomuyo anatumiza kwa ine mu Ogasiti, pamene ndinamudandaulira za fizi ya mwana wanga wamkulu. Anadikira malipiro a mwezi wina kuti asonkhenso.

Pa 9 Okutobala amayi anagwa pakhomo akuchokera kothirira masamba. Kuthamanga kwa magazi kunali kutakwera, mbali ya kumanja inafa, ndipo pakamwa panapotoka. Usiku umenewo, ndili panja pa wodi, ndinamuimbira.

"Achimwene, ndamva. Ndikubwera. Koma ndipatseni masabata awiri kapena atatu, kalata ya zala sinafike."

"Kalata ya chiyani?"

Anayamba kufotokoza za fomu, za tsiku, za ndalama. Ine sindinkamvetsera. Ndinkangomva kuti mwana amene ndinamulera akundiwerengera manambala a mafomu pamene mayi ake sakutha kumeza madzi. Ndinamudula pakati. Ndinati, "Iwe, zala ukuzinenazo anazisambitsa ndani uli khanda? Anazisambitsa Amereka?" Ndinawonjezanso zina. Ndinati ukapeza manda usadzandifunse kuti ali pati. Ndinati anthu akapita kunja amasintha mtima ndipo ndinkaganiza kuti iye ndi wosiyana. Inu mukudziwa kuti ife maliro sitigoneka, ndiye mawu a manda aja sanali ongoopseza, ndipo iye anawamva momwemo. Anangoti, "Chabwino achimwene," n'kudula.

Patatha masiku anayi anali pa bedi la amayi.

Pano ndiyenera kunena chilungamo mbali zonse. Kubwera kwake kunathandiza. Amayi atamuona anayesa kudzuka koyamba. Iye anali atagwira ntchito yosamalira okalamba zaka ziwiri ndi theka, ndiye ankadziwa zimene ife sitinkadziwa: kuwatembenuza maola awiri aliwonse kuti asatuluke zilonda, kuwakhazika tsonga powadyetsa, kulimbitsa phala kuti lisawatsamwe, kuwongola dzanja lakufalo pang'onopang'ono m'mawa ndi madzulo. Anaphunzitsa alongo athu zonsezi. Atatulutsidwa m'chipatala tinawatengera kumudzi, ndipo iye ankagona pamphasa pafupi nawo. Za kalata sanatchulenso. Ine ndinaganiza kuti ndapambana, kuti nkhani ija inali yaing'ono monga ndinanenera.

Usiku wa tsiku lake lachisanu ndi chinayi ali kumudzi, foni yake inalira. Mnzake amene ankakhala naye nyumba imodzi ku South Bend anali atatsegula envelopu n'kujambula. Kalata ija inali itafika. Tsiku lodinda linali patsogolo ndi masiku asanu ndi anayi, 10 koloko m'mawa.

Ndinamupeza pakhonde atakhala mumdima, foni ili pabondo. Atandionetsa ndinayamba nzeru zanga za kuno. Ndinati tilembe kalata yofotokoza za matenda, adokotala adinde chidindo. Ndinati mnzakoyo sangapite kukakuimirira? Ndinati kodi ku ofesi ya kazembe ku Lilongwe, kumene unadinda poyamba paja, makina ake anatha? Ndinafika pofunsa ngati sakudziwa munthu wina aliyense wogwira ntchito kumeneko. Tonse tinakulira m'dziko limene tsiku limakambidwa. Ukalephera kupita kwa mfumu Lachiwiri umatumiza mphwako kuti akapepese, mlandu n'kuikidwa Loweruka. Ndinkaganiza kuti dziko lonse lili choncho, kungoti ena amavuta pang'ono.

Anandiyankha modekha kuposa mmene ndinkayenerera. Kusintha tsiku n'kotheka, anatero, ukaimba lisanafike n'kupereka chifukwa chomveka, ndipo matenda a kholo ndi chifukwa chomveka. Koma tsiku latsopanolo susankha ndiwe. Likhoza kugwa mu Disembala, iye atangoyamba ntchito ku Dubai, ali m'miyezi yoyesedwa, mapepala ake akumeneko ali pakati. Bwana wake sangamumasule kuti awoloke nyanja sabata yachitatu ya ntchito. Ndipo ngakhale atasintha kangati, zalazo ziyenera kukafika ku America komweko. Njira zinali zitatu: abwerere tsopano, ataye ntchito ya ku Dubai, kapena apite ku Dubai wopanda kabuku kaja n'kumaika green card yake pachiswe.

Sitinadziwe kuti amayi ali maso. Anagogoda pakhoma ndi dzanja lamanzere, tinalowa. Kuyankhula kwawo nthawi imeneyo kunali kovuta kumva, mawu amodzi ankawabwereza katatu. Anafunsa chimene tikukangana. Mng'ono wanga anafuna kubisa, koma ine ndinafotokoza, mwina poganiza kuti andithandiza kumuletsa. Anamvetsera mpaka ndinamaliza. Kenako anafunsa funso limodzi: "Akufuna chala chake?" Ndinati eya. Anati, "Ndiye apite. Chala satumiza."

Amayi athu sanapite kusukulu ya boma. Dzina lawo salemba. Moyo wawo wonse, paliponse pamene ife timasaina iwo amadinda chala chachikulu: povota, polandira makuponi a feteleza, pa kalembera wa ziphaso za unzika wa 2017 pamene makina anakana chala chawo kawiri chifukwa khasu linafufuta mizere, mpaka kalaliki anawauza kuti apake malovu pang'ono. Kwa iwo kuitanidwa kukadinda si nkhani ya mapepala. Ndi kuitanidwa iwe mwini, ndi thupi lako, ndipo palibe mwana kapena mkamwini amene angakupitire. Ine wa masatifiketi a ku madrasa ndi a ku koleji ndinatha masabata awiri osamvetsa chimene iwo anachimva m'chiganizo chimodzi, ali chigonere, theka la thupi litafa.

Ananyamuka patatha masiku awiri. Minibasi mpaka Lilongwe, ndege mpaka Addis Ababa, ina mpaka Washington, inanso yaing'ono, kenako galimoto ya mnzake uja. Tikiti yogula mochedwa chonchi, pamwamba pa ija anagula mothamanga pobwera, inadya ndalama yonse imene ankasungira malata ndi simenti za nyumba ya amayi. Kwacha inali itagwetsedwa ndi 25 peresenti mu Meyi chaka chomwecho, ndiye kathumba kanga ka uphunzitsi sikakanathandiza kanthu. Dzinja limenelo amayi anakhala kwa ine, nyumba yawo ili chiimire yopanda denga.

Atatuluka mu ofesi muja ananditumizira uthenga: "Zatheka. Mphindi 15." Ndinaufunsa mwatsatanetsatane ulendo umenewo pambuyo pake, chifukwa ndinkafuna kudziwa chimene chinatidyera denga. Pakhomo amaona kalata ndi khadi. Umadzaza kapepala kakang'ono, umapatsidwa nambala, umakhala pampando. Akakuitana umaika zala zinayi za dzanja limodzi pa kagalasi, zinayi za linalo, zazikulu ziwiri, kenako chimodzichimodzi akuchigubuduza. Inki kulibe. Amakujambula, umasaina pa kamakina, amadinda chidindo pa kalata yako ija n'kukubwezera kuti usunge. Palibe amene amakufunsa kumene wachokera kapena mtunda umene wayenda. Iyenso zala zake zinavuta pang'ono ngati za amayi, osati ndi khasu koma ndi mankhwala osamba m'manja amene ankapaka kambirimbiri pa tsiku kuntchito ya okalamba ija, ndipo anachita kumupaka mafuta kuti mizere ioneke. Apa ndinene kwa atsikana athu ndi amayi awo: mukaitanidwa kukadinda zala kulikonse, kaya ndi za pasipoti kaya ndi za viza, musapake hina kunsonga za zala masiku amenewo, ngakhale kutakhala ukwati. Maofesi ena amabweza munthu kuti adikire mpaka ifufutike, ndipo bala la mpeni wa kukhitchini limachitanso chimodzimodzi.

Chimene chimandiwawa mpaka lero n'chakuti ulendo umenewu ukanapeweka. Fomu ija ikanapita mu Ogasiti, mwina kalata ikanamupeza amayi asanagwe. Ikanapita ndi pempho loti aifulumizitse, limodzi ndi kalata ya ntchito yosonyeza tsiku loyamba, mwina ikanafulumira, chifukwa njira yopemphera zimenezo ilipo. Ndipo usiku uja ndili panja pa wodi, ndikanangomufunsa kuti tsikulo likakupeza uli kuno zikhala bwanji, tikanagula tikiti yobwerera nthawi yomweyo pamtengo wabwino, tikudziwa chimene tikuchita. Sindikunena kuti analakwa kubwera. Iye mwini amati akanabwerabe, ndipo ndimamukhulupirira. Koma pali kusiyana pakati pa munthu amene wabwera atakambirana ndi mkulu wake ndi amene wabwera atatukwanidwa. Safunsa anadya phula, koma pa nkhani iyi amene sanafunse ndine, amene anadya phulalo ndi iye.

Atafika ku Dubai zala zomwezo zinafunidwanso. Kumeneko chilolezo chokhala chimamangiriridwa ku ntchito. Kampani ndi imene imakupemphera chilolezo cholowera, ukafika umakayezetsa magazi ndi kujambulitsa chifuwa, kenako umakadinda zala kuti upatsidwe chiphaso chotchedwa Emirates ID, chimene popanda icho ngakhale akaunti ya kubanki imavuta kutsegula. Ntchito ikatha chilolezocho chimathanso, ndipo ukakhala kunja kwa dzikolo kopitirira miyezi isanu ndi umodzi motsatizana chimafa chokha. Anandiuza kuti pabwalo la ndege ndi m'misika amakumana ndi achinyamata a kuno kwathu ndi a mayiko oyandikana nafe amene anabweretsedwa ndi ma ejenti pa viza ya alendo, atalonjezedwa kuti mapepala akonzedwa akafika. Muyeso wake ndi wosavuta, ndipo ophunzira a Fomu 4 amene mukulota za kumeneko muusunge: ngati papita miyezi ukugwira ntchito ndipo palibe amene wakutengera kukayezetsa magazi ndi kukadinda zala, ndiye kuti boma la kumeneko silikukudziwa ngati wantchito. Ukadzadwala kapena bwana akadzakana kukulipira, ulibe poyambira.

Kabuku ka ku America kaja kanatuluka patapita miyezi yambiri, ndipo anakakatenga ku ofesi ya kazembe ku Dubai komweko. Ndinaganiza kuti basi nkhani yatha, koma anandiseka. Kabukuko sikalonjeza kuti adzalowa. Kamangochotsa funso la kutalika kwa nthawi, koma wapachipata akhozabe kufunsa ngati munthuyu kwawo kukadali ku America. Ndiye chaka chilichonse amadzaza mafomu a msonkho a ku America ngati munthu wokhala kumeneko, ngakhale ndalama akuipezera ku Dubai, chifukwa akangodzaza ngati mlendo ndiye kuti wavomera ndi dzanja lake kuti anasamuka. Akaunti yake ya kubanki ya ku Indiana sanatseke. Laisensi yoyendetsera galimoto amaisamala kuti isathe. Adiresi yake ikadali kwa mnzake uja, amene amatsegula envelopu iliyonse n'kujambula tsiku lomwelo. Munthu ameneyu sindinamuonepo, koma m'nyumba mwathu timamutchula ngati wachibale. Ndipo kabukuko kakatha sikawonjezeredwa masiku. Ayenera kubwerera kasanathe, ndipo akafuna kena ayambirenso pachiyambi: fomu ali pa nthaka ya America, kudikira kalata, kudinda.

Pali chimodzi chimene kabukuko sikanapulumutse. Kuti munthu wa green card apemphe unzika wa America ayenera kukhala kumeneko zaka zisanu mosadukiza, ndipo mwa zakazo miyezi 30 akhale alimo ndi thupi lake. Kukhala kunja chaka chathunthu kumadula kuwerengako, kaya uli ndi kabuku kaya ulibe. Zaka ziwiri ndi miyezi ingapo zimene anali atasonkha kale zinapita pafupifupi zonse. Kale zimenezi sizikanatikhudza, chifukwa Mmalawi wotenga unzika wina ankataya wa kuno, ndipo amayi sakanalola. Koma mu 2018 Nyumba ya Malamulo inasintha lamulo kuti munthu akhoza kukhala ndi unzika wa mayiko awiri, ndiye zaka zimenezo zinali za mtengo. Anazidziwa zimenezi asanasaine ntchito ya ku Dubai. Anaziyeza ndi maola awiri aja, akuti amayi azimva mawu ake dzuwa lisanalowe, ndipo anasankha. Ine maganizo anga, poona zonse tsopano, ndi akuti akanapirira kaye mpaka unzika utatuluka, chifukwa nzika imapita kumene ifuna n'kubwerera osapempha aliyense. Ndinamuuza zimenezi chaka chatha. Anati, "Achimwene, mukanandiuza mu Ogasiti muja ndikanakumverani." Mu Ogasiti muja ine ndinkamuuza za fizi.

Ndikudziwa kuti ambiri mwa ana athu sali ku America kapena ku Dubai, ali ku Joni. Koma nawonso ali ndi masiku awo amene ife kuno sitiwawerenga. Mmalawi amalowa ku South Africa popanda viza kwa masiku 30. Kuyambira 2014, amene wapitiriza masiku ake amaletsedwa kulowanso akamatuluka pachipata: chaka chimodzi ngati wapitiriza ndi masiku osaposa 30, zaka zisanu ngati waposa pamenepo. Ndiye mnyamata akamazengereza kubwera ku sadaka ya agogo ake, nthawi zina si mwano. Akuwerengera kuti akangodutsa pa Beitbridge ntchito yake, katundu wake, mwina mkazi ndi mwana, zitsala kuseri kwa chipata chimene sichimutsegukiranso msanga. Sindikuikira kumbuyo kukhala m'dziko la eni wopanda mapepala, ndipo ophunzira anga amadziwa zimene ndimanena m'kalasi pa nkhani imeneyo. Ndikungoti kholo lidziwe chimene likupempha lisanakweze mawu.

Amayi ali moyo, Alhamdulillah. Amayenda ndi ndodo, dzanja lamanja silinabwerere, koma kuyankhula kunawongoka moti amatikalipira bwinobwino. Nyumba yawo inafoleredwa chaka chotsatira. Mng'ono wanga wabwerapo kawiri kuchokera ku Dubai. Ulendo woyamba ndinamutengera kumunda kuti tikhale awiri, n'kumupempha kuti andikhululukire pa mawu a manda aja. Anati anaiwala kale. Sindikukhulupirira kuti anaiwala, chifukwa anawabwereza ndendende mmene ndinawanenera asananene kuti anaiwala.

Bambo a pa Jumu'ah aja sindinawafotokozere zonsezi, nthawi inalibe. Ndinangowafunsa kuti kalata imene mwana wawo akudikira ndi yanji. Sankadziwa. Ndinawafunsa ngati anamufunsa, anati anadula foni asanamalize. Tinakhala pa benchi ya pansi pa mtengo wa mango paja n'kumuimbira limodzi, foni ili pa sipika. Mnyamatayo ali ku Britain, amagwira ntchito yosamalira odwala. Viza yake inali pafupi kutha, ndiye anapempha yowonjezera, zala anadinda kale, akudikira yankho. Lamulo la kumeneko ndi lakuti munthu akatuluka m'dzikomo yankho lisanabwere, pempho lake limatengedwa ngati walichotsa yekha. Viza yakale ikakhala kuti yatha ali m'njira, ndiye kuti alibenso chobwerera nacho, ndipo ntchito imene ikulipira mpunga ndi mbuzi za ukwati womwewo yathera pomwepo. Anafotokoza mwaulemu, koma mawu ake ankamveka kuti sanagone bwino masiku angapo. Pomaliza anati, "Ababa, mukanena kuti ndibwere ndibwera. Ndimangofuna mudziwe."

Bambowo sanamuyankhe nthawi yomweyo. Anamuuza kuti amuimbiranso madzulo. Atadula anakhala kanthawi akuyang'ana pansi, kenako anandifunsa ngati tsiku la nikah likhoza kusunthidwa akuchimuna atalandira kale uthenga. Ndinati zimenezo n'za mabanja awiriwo, koma ndaonapo zikuchitika pa zifukwa zochepa kuposa ichi. Anapisa m'thumba la mkanjo n'kutulutsa kabuku kamene amalembamo ngongole za ku golosale kwawo, n'kundipatsa cholembera. Anati ndiwalembere bwinobwino, m'zilembo zikuluzikulu, chimene chingachitike mnyamatayo akakwera ndege, kuti akawawerengere mayi ake kunyumba, chifukwa amene analumbira kuti sadzamuyankhulanso ndi iwowo.